Mango a Amalume Fanuwelo

Ndikukumbukira tsiku limene amalume Fanuwelo anatsika basi pa Chinyunyu, atavala jekete lochindikala dzuwa la Okutobala likuwotcha. Ndinali ku pulayimale ndipo sindinkawadziwa. Kale anali wapolisi wa atsamunda. Ufulu utayandikira anathawira ku Rodeshiya, nakavalanso yunifomu. Azungu atagonjanso kumeneko, iwo anakumbukira kuti ali ndi kwawo.

Agogo anamwalira amalume ali kunja, ndipo munda wa kumtsinje unatsala ndi amayi. Munda umenewo ndiwo unkatidyetsa. Amalume anapuma, nadya nkhuku yathu, kenako anati akufuna gawo lawo.

“Ndine woyamba kubadwa, mlongo wanga.”

“Woyambanso kuthawa,” anatero amayi, uku akutongola chimanga. “Pamaliro a atate tinakusungirani malo, achimwene. Panagona galu.”

Akuluakulu a pabanja anakhala pansi. Anati nthaka ndi ya amene anatsala nailima, koma mtengo ndi wa amene anaubzala. Pakati pa mundawo panali mitengo iwiri ya mango imene amalume anabzala ali mnyamata. Anapatsidwa imeneyo. Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Amalume anathokoza mwaulemu.

Dzinja limenelo ankakhala pansi pa mitengo yawo, akutiitana ife ana kuti tidye mango mmene tingathere. Ankatsekemera kwambiri, madzi ake akuyenderera m'zigongono. Ankangotipempha kuti nthangala tiziponya patali. Ine ndinali ndi dzanja labwino.

Mvula yotsatira timitengo tinamera m'mizere ya chimanga. Amayi atanyamula khasu, amalume anawaletsa.

“Amenewo ndi ana a mitengo yanga.”

Akuluakulu anakhalanso pansi, ndipo anasowa potsutsa. Chimanga sichibereka pamthunzi. Pamene ndinkamaliza sekondale, amayi ankalima m'mphepete mokha, ndipo chaka china tinagula ufa. Amalume sanagwirepo khasu m'mundamo.

Masiku ano nkhani zotere zimapita kukhoti, anthu amabwera ndi galimoto n'kukhoma zitsulo m'malire. Amalume anamwalira opanda mwana kuno, choncho mitengo inabwerera kwa amayi. Anali atakalamba, osathanso kulima. Ankagulitsa mangowo m'mabeseni pamsewu waukulu, ndipo wogula aliyense ankamuuza kuti ndi owawasa.