Kachipangizo Kosunga Mawu a Mahmudu

Tsiku limene abale ankagawana katundu wa mkulu wanga Mahmudu, mkazi wake a Amira anakhala pamkeka kuseri kwa chitseko, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, akumvetsera zinthu zikutuluka m'nyumba. Inatuluka sola, anatuluka masipika awiri, inatuluka njinga yamoto. Onyamulawo anali amalume anga enieni, sindibisa. Laputopu yokha anaisiya patebulo, chifukwa ataiyatsa inakhala nthawi yaitali osatseguka. Wina anati yafera limodzi ndi mwini wake, ena n'kuseka.

Ndikulembera inu amene mwatsala ndi chinthu chimodzi chimene ena anachinyoza. Ine ndinali ku koleji ku Zomba kuphunzira za makompyuta, ndipo ankandilipirira ndi Mahmudu. Titamuika m'manda kwathu kwa Kawinga, m'kalasi sindinabwereremo. Koma nkhani ino si yanga, ndi ya alamu anga.

Mahmudu ankabena nyimbo. Ankazungulira misika ya Ntaja, Nsanama ndi Ngokwe, kuikira anthu nyimbo, makanema ndi nyimbo zachisilamu za kaswida m'mamemori khadi. Pofuna kuti makasitomala asamadikire, ankanyamula laputopu m'chikwama ili choyaka, n'kumadumpha nayo m'mabampu. Analinso ndi kachizolowezi kena: m'mawa uliwonse poyesa maikolofoni ankajambula mawu ake, akuseleula mkazi wake kapena kuyankhula ndi mwana amene anali m'mimba. Sankafufuta, chifukwa cha ulesi basi.

Eda ya alamu, nthawi imene wamasiye wachisilamu amakhala m'nyumba, inatha tsiku limene anabereka mwana wawo Husna. Patapita milungu ingapo anatulutsa laputopu ija m'chitenje n'kundipempha kuti ndiiyatse. Ankafuna zinthu ziwiri: kupitiriza ntchito ya mwamuna wawo, ndi kuti mwanayo adzamve mawu a bambo ake. Ndinaiyatsa. M'kati munkamveka kulira ngati wotchi yakale, thi, thi, thi.

Tinapita nayo ku Balaka kwa a Elliam, okonza makompyuta pafupi ndi depoti. Iwo anaika khutu pa laputopuyo n'kuizimitsa msanga. Anafotokoza kuti hadidisiki, imene imasunga zonse, ili ndi kambale kozungulira ndi kasingano, ndipo mabampu anali atakakanda kambaleko. Anati mwina iyakanso kawiri, mwina kamodzi kokha, choncho tisaiyatsenso mpaka titapeza kosamutsira.

Kosamutsirako anati kukhale SSD, kachipangizo kosungira kopanda chozungulira m'kati, kosaopa mabampu komanso kofulumira. Anatisonyeza mitundu iwiri, ina yopyapyala ngati kamtengo ka chingamu, ina yaphanthiphanthi ngati foni, n'kunena kuti laputopu yakale ngati yathu imalandira yaphanthiphanthiyo. Zonse za Mahmudu zinali zosafika magigabaiti 200, ndiye ya 256 inali yokwanira. Anali nayo, ya lisiti ndi chitsimikizo cha chaka. Ndalama yake ndi imene tinalibe.

Alamu anabwerera ku geni yawo yakale yogulitsa mpunga pa Ntaja, Husna ali kumbuyo. Miyezi itatu laputopu inagona m'chitenje. Anzawo pamsika ankawauza kuti aigulitse kwa ofuna zipangizo awonjezere mpamba. Iwo ankangoyankha kuti amva.

Tsiku lokagula, tikutsika minibasi pa Balaka, mnyamata wina wa chikwama atationa ndi laputopu anatitsatira. Anatulutsa SSD yonyezimira, yolembedwa materabaiti awiri, ndiye kuti kuposa ya a Elliam kasanu ndi katatu, koma mtengo wake wotsikirapo. Apa ndiulule. Ine wa ku koleji ndi amene ndinawakakamiza alamu kuti tigule pomwepo. Ndinawauza kuti mwayi wotere subwera kawiri, ndipo kuti nkhani za makompyuta azisiyira ife odziwa.

Sanakwiye. Anaitembenuza m'manja n'kundifunsa kuti terabaitiyo n'chiyani. Ndinati ndi muyeso, monga ndowa imakhalira ya malita makumi awiri.

"Ndiye tiyeni tikaidzaze, alamu," anatero. "Tikaikhuthule tione."

Mnyamatayo anaseka. "Mayi, uwu si mpunga. Si mwaona zalembedwa pabokosi?"

"Achimwene, ndagula mpunga kwa anthu a ndowa zolembedwa bwino, pansi atazikhomera m'kati. Pamwamba imaoneka yodzaza. Ine ndalama ndimatulutsa ndikakhuthulira m'ndowa yanga."

Ine ndinachita manyazi chifukwa anthu anayamba kutiyang'ana. Koma mnyamatayo, pokhulupirira katundu wake, anavomera kupita nafe.

A Elliam anailumikiza ku kompyuta yawo n'kuyamba kuthiramo makanema awoawo ambirimbiri. Tinadikira mpaka dzuwa litafika paliwombo, alamu anakaswali n'kubwerako. Kompyuta inaonetsa kuti zonse zalowa, ndipo ine ndinawayang'ana alamu monyadira. Iwo anangoti akhuthule.

Makanema oyambirira anatseguka. Otsatira onse anali mayina okhaokha, m'kati mulibe kanthu. A Elliam anati malo enieni mwina anali magigabaiti makumi atatu, ena onsewo linali bodza lolembedwa m'kachipangizomo kuti kompyuta izinamizidwa. Ndinadziwa ndekha. Tikanathira Mahmudu m'menemo, kompyuta ikanati zatheka, hadidisiki yakale ikanafa, ife n'kupita kwathu tikusangalala ndi ndowa yopanda kanthu.

Mnyamata uja anati anakapikula ku Limbe ndipo anali atagulitsa kale zinayi. Alamu sanamukalipire. Anamuuza kuti akawafunefune anthu anayiwo asanataye zinthu zawo.

Kenako anatembenukira kwa a Elliam n'kuwapempha kuti nayo yawo ija aidzaze. A Elliam anaseka mpaka kugwira tebulo, nati chiyambireni ntchitoyi kasitomala sanawayezepo chotero. Anaidzaza, anaikhuthula, zonse zinatuluka zamphumphu. Apo ndi pamene alamu anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa ndalama.

Atachotsa hadidisiki yakale n'kuilumikiza, a Elliam anafunsa kuti ayambe ndi ziti, poti sankadziwa kuti ipirira mpaka pati. Nyimbo ndiye zinali bizinesi, chakudya cha mawa.

"Yambani ndi mawu a bambo a Husna," anatero alamu. "Nyimbo zili ndi eni ake, zidzapezeka."

Mawu onse anasamuka. Nyimbo zinasamuka kupitirira theka pang'ono, kenako thi, thi uja anasiya. Hadidisikiyo sinayakenso mpaka lero.

Ataika SSD mu laputopu ndi kukonza zonse, inatseguka ndisanamalize n'komwe kukokera mpando. Alamu anandiuza kuti ndisankhe ndine. Ndinadina pa mawu amene anajambula tsiku lomaliza.

"Wani, thuu, wani, thuu," anatero Mahmudu, ngati ali kuseri kwa kauntala. "Dziko lonse limve, a Amira lero apsereza madzi. Iwe uli m'mimbamo, ukundimva? Ndine bambo ako. Utenge nzeru za mayi ako, koma chonde usatenge makutu a bambo ako aang'ono a ku koleji."

Alamu anaseka misozi ili chuchuchu. Ine ndinatuluka panja, ndinakaima kuseri kwa shopu. A Elliam anapeza chochita pansi pa tebulo.

Mlungu wotsatira alamu anayamba kuzungulira misika pa kabaza, laputopu pamiyendo. Kunali ena oti mkazi sangabene nyimbo, koma makasitomala anaona kuti kwa mayiyu sudikira, ndipo memori khadi yabodza amakuuza usanawononge ndalama. Nyimbo zotayika zija anazitolera pang'onopang'ono kwa anzake a Mahmudu. Lero ali ndi kashopu pa Ntaja, kali ndi pulinta, amalemberanso anthu makalata. SSD yokulirapo anadzagula patapita zaka ziwiri, malo atayamba kuchepa, ndipo nayonso anaidzaza kaye. Mawu aja amawasunga malo atatu.

Husna ali ndi zaka zinayi. Akapatsidwa chilichonse chooneka ngati maikolofoni, ngakhale chitsononkho, amayamba ndi wani, thuu. Makutu anatenga anga.

Ine ku koleji sindinabwerere, ndipo masiku ena zimandiwawabe ndikaona amalume akudutsa pa njinga ija. Ndimagwira ntchito kwa a Elliam. Munthu akabwera kufuna SSD yotchipa ndimamuuza zimene ndinaphunzira kwa wogulitsa mpunga: onani mtundu umene kompyuta yanu imalandira, gulani yokwana zimene muli nazo, tengani lisiti, ndipo musathiremo chamtengo wapatali musanaiyese.

Inu amene anakulandani zonse n'kukusiyirani chimene ankachiyesa chakufa, chisungeni m'chitenje mpaka nthawi yake. Nzeru imene munaiphunzira pamsika musaiderere pamaso pa ophunzira. Ndipo mtima wanu usagwe: alamu anga anayamba ndi laputopu imene anthu anaiseka, koma lero mwana wawo amawadziwa mawu a bambo ake.