Ombwe wa Kuseri kwa Chigafa

Amayi anali ndi kachitini ka tiyi momwe ankasungiramo singano ndi khadi la kutchalitchi. Atamwalira tinapezamonso chitheba chouma, chowonda, chopindika pang'ono. Abale anga anadabwa kuti munthu angasungirenji chinyalala chotere. Ine sindinadabwe, ndinangotuluka panja.

Nkhani ya chithebacho inayamba chaka chimene dzina la amayi linatuluka pa makuponi titadikira zaka ziwiri. Feteleza anagwira, ndipo tinatonola matumba asanu ndi anayi. Bambo anali atamwalira kale, choncho matumba amenewo ndiwo anali moyo wathu: akatifikitsa mwezi wa Malichi, ndiye kuti tapulumuka. Mankhwala a kusitolo otetezera chimanga sitikanawakwanitsa. Kwathu ku Lisasadzi tinkadalira chitsamba cha ombwe. Umathyola masamba, kuyanika pamthunzi, kusinja, ufa wakewo n'kusakaniza ndi chimanga kuti anankafumbwe asalowe.

Nyengo imeneyo amayi ankalawira kukasankha fodya kwa atsibweni, n'kubwera madzulo zala zitada ndi utomoni. Ntchito ya ombwe inagwera ine, mtsikana wa sitandade faifi. Mawu awo ndimawakumbukirabe: "Upite kudambo, kuseri kwa dimba lakale. Usakhulupirire maluwa, iwe, ugwire chitheba. Cha ombwe weniweni n'chonenepa, chaubweya ngati msana wa mbewa."

Koma kudambo kunali kutali, udzu wake wondipitirira msinkhu, ndipo abusa a ng'ombe ankati kuli mphiri. Pomwe kuseri kwa chigafa cha fodya cha atsibweni, pafupi pomwepa, panali zitsamba zambirimbiri. Atsibweni kuponi inkawalambalala chaka ndi chaka, ndiye alangizi anawapatsa mbewu yobwezeretsa chonde m'nthaka. Nayonso anthu ankangoitcha ombwe. Maluwa ake anali oyera mbee, ofanana ndendende ndi a kudambo, njuchi zili ng'wii. Zitheba zake zinali zowonda, ubweya wake wochita kufufuza. Sindinganame kuti sindinaone. Ndinaona, ndinagwira, ndipo ndinadzaza dengu. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwambi ukagwera m'manja mwa waulesi umasanduka chobisalira.

Ndinayanika, ndinasinja ndekha. Ufa wa masamba ulibe nkhope, wonse ndi wobiriwira. Amayi anathira, tinasoka matumba, ndipo anandiyamika kuti ndakula.

Mu Okotobala, masana ena dzuwa likuswa mtengo, ndinalowa m'nyumba kukamwa madzi. Munali zii. Kenako ndinamva kaphokoso kochokera m'matumba, ngati munthu akukanda mphasa ndi chikhadabo. Ndinaika dzanja pathumba, linali lofunda. Pansi pake panali kafumbi koyera, konunkha chinyezi. Anali anankafumbwe. Ndinatenga tsache n'kusesa, ndipo kuyambira tsikulo ndinkasesa masana alionse amayi asanabwere kumunda. Lero ndimaona kuti kusesako kunali kulakwa koposa kuthyola kuja. Ndikanayankhula, bwenzi titakhuthulira chimangacho padzuwa, china chikanapulumuka.

Tinali tikudyabe chotsala cha m'nkhokwe, choncho matumba anamasulidwa mvula yoyamba itagwa. Amayi atadula ulusi, anankafumbwe anayenderera pamkono pawo. Chimanga chinali mabowo okhaokha, chopepuka ngati mankhusu. Anamasula lachiwiri, lachitatu. M'thumba lachinayi dzanja lawo linatuluka ndi chitheba chimene chinazemba munsi wanga. Anachisisita ndi chala chachikulu kanthawi ndithu, n'kuchimanga pamsonga ya chitenje.

Atsibweni anabwera atamva za tsokalo. Anatapa chimanga, n'kuchifumbata, chinangonyenyeka.

"Alongo, ombwe ameneyu anakathyola ndani? Wa kudambo sachita chonchi."

"Ndinathyola ndekha, achimwene," anatero amayi. "Maso akutha awa."

Sanandiyang'ane ngakhale pang'ono.

Tinapeta, tinasefa, zotsalazo zinatifikitsa pa Khrisimasi. Januwale ndi Febuluwale amayi ankapalira fodya m'minda ya eni, malipiro ake kambale ka gaga. Ankatigawira ine ndi ang'ono anga, iwo n'kukhala pakhomo akusoka kanthu. Tikawaitana ankati, "Idyani, ine ndadya kale kuganyu." Chitenje chawo chinayamba kuzungulira m'chiuno kawiri.

Ine mumtima ndinkasangalala. Ndinkati ndine wochenjera, ndapulumuka mkwapulo, amayi asokonezeka ndipo akuganizadi kuti anathyola okha. Ndinali ndisanamvetse kuti munthu amene ankazindikira ombwe ndi chala chokha ali chitsinzinire sakanaiwala amene anamutuma kudambo. Ndinali ndisanadziwenso kuti kuganyu sadyetsa munthu.