Thovu la Sopo pa Boti la a Nyanja

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Sitandade 5, tikukhala pa esiteti ina ya fodya cha ku Kaluluma. Bambo anga anali tenanti, ndipo palibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Nyanja, chifukwa tinachokera ku Nkhotakota ine ndili wakhanda. Munthu akagula usipa ankabwera nawo kuti bambo aununkhize, anene ngati ndi watsopano. Iwo ankanunkhiza n'kugwedeza mutu, osanena zambiri. Ine ndinkayenda mapewa m'mwamba, mwana wa a Nyanja.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, injini yopopa madzi ku damu inayamba kukoka mphepo yokhayokha. Kukamwa kwa paipi, pakati penipeni pa damu, kunali kutatsekeka ndi ndere ndi matope. Ku nazale mbande za fodya zinayamba kufota. Tinkatunga ndi makheni othirira, koma nazale inali patali ndipo dothi linkamwa madziwo tisanatembenuke. Mbande zikafa ndiye kuti chaka chapita, ndipo tenanti wopanda fodya amauzidwa kuti alongedze. Pakati pa damupo panali pakuya, panamirapo mnyamata wina chaka cham'mbuyo mwake, choncho aliyense ankangokanda m'mutu.

Kapitawo wathu, a Nyirenda, anakatulutsa m'sitolo boti la mphira limene bwana wakale anasiya. Linali lopindapinda, likununkha mikodzo ya makoswe. Analiponya pakhomo pathu.

"A Nyanja, ntchito yanu iyi. Mulimate, mukatsegule paipi. Ife a kumtunda maji tikopa," anatero, Chitumbuka chikuwapulumuka pofuna kunena kuti madzi amawaopa.

Bambo anayankha kuti chabwino, koma ndi mawu apansipansi.

Kuzunguzika kwanga kunayambira pamenepo. Ine ndinkadziwa kuti bwato likabooka madzi amalowa. Ili linali lobooka, koma vuto silinali madzi olowa, linali mpweya wotuluka. Bambo anapeza pamene panang'ambika, anapalapo ndi mwala, anapaka sulushoni womatira machubu a njinga, anadikira kuti aume pang'ono, kenako anamata chigamba cha chubu chakale. Tinapopa ndi pampu ya njinga mosinthana mpaka mikono kuwawa. Boti linadzuka, lonenepa ngati nkhumba. Titangopita kukadya, pobwera tinapeza laphwa.

M'mawa mwake anamata chigamba china pamalo pomwe ine sindinaonepo bowo. Tsiku linalo anamata chigamba pamwamba pa chigamba. Koma awa anali bambo omwewo amene chubu cha njinga ankangochiyandikiza patsaya n'kumva pobooka, osaphonya. Nditafunsa, anandiuza kuti ndipite kukathandiza amayi. Amayi nawo ankangosesa pabwalo posesa kale, osayang'ana botilo. A Nyirenda ankabwera m'mawa ndi madzulo, nkhope itagwa, kudzanena kuti mbande zikuuma. Bambo ankayankha akuyang'ana kumwamba, komwe kunalibe ngakhale kamtambo.

Tsiku lina titangolipopa, ine ndinkachapa yunifolomu yanga chapafupi. Fungo la makoswe lija linanditopetsa, ndiye ndinakhuthulira madzi a sopo pabotilo. Pansi pa chogwirira, pamsoko, panayamba kutuluka thovu, timatuza tikukula n'kuphulika.

"Ababa! Ndapapeza! Bowo lili apa!"

Ndinakuwa moti oyandikana nawo anathamangira. Bambo anatuluka, ndipo chala chawo chinafika pamsokopo ine ndisanaloze n'komwe. Anandiyang'ana kwa kanthawi. Sikunali kukwiya, sikunali kukondwa.

"Uli ndi maso, mwana iwe," anatero.

Amayi anasiya tsache n'kulowa m'nyumba. Ine, amene ndinkayembekezera kundiwombera m'manja, ndinangoima ndi beseni langa, osadziwa ngati ndachita bwino kapena ndalakwa. Bambo anapukuta pamalopo, anadikira kuti paume, anamata kamodzi kokha. Boti silinaphwenso.

Esiteti yonse inatsikira ku damu, kupatula amayi. Bambo anamangirira chigubu chopanda kanthu m'chiuno, anagwada m'botimo, n'kuyamba kupalasa ndi thabwa. Boti linkangozungulira pamalo amodzi. Anthu anaseka, ena n'kumakuwa kuti taonani masewera a kunyanja! Nanenso ndinaseka. Mwapang'onopang'ono anafika pakati, anagona chamimba, anapisa dzanja mpaka phewa, n'kumazula ndere ija. Injini inatsokomola, paipi inagwedezeka, ndipo madzi anatumphuka ku nazale. Nthungululu zinamveka mpaka kuzigafa zoyanikamo fodya.

Bambo anapalasa kubwerera kumtunda. Anadutsa pakati pa anthu omwe ankawagwira dzanja, anapita kuseri kwa chigafa. Ndinawatsatira, ndipo ndinawapeza akusanza.

"Kwathu ndi ku Nkhotakota, inde," anatero atapukuta pakamwa, "koma kumtunda, kumapiri. Nyanja ndinkangoiona ndili pa lole. Kusambira sinditha, mwana wanga."

"Nanga bwanji simunawauze?"

"Usipa wa anthu ankanunkhiza ndani? Dzina ukalidyera, tsiku lina limakuitana."

Sindinamvetse tsiku limenelo. Ndinakwiya nawo, ndinawamvera chisoni, ndinachita manyazi, zonse pamodzi, osadziwa choti ndiyambe nacho. Mbande zinatsitsimuka, tinawokera mvula itagwa, ndipo tinakhalabe pa esitetipo.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo ndikudziwa kuti bowo lija bambo analipeza tsiku loyamba lomwe. Zigamba zinazo zinali zopempha mvula kuti ifulumire. Ndikudziwanso kuti thovu litawaulula akanatha kudwala mwadala, koma analowa m'madzi momwe munamira mwana wa eni, chifukwa cha mbande zathu. Ndikaona munthu waluso akuzengereza pa ntchito yosavuta, sindikuwa ayi. Ndimayamba ndam'funsa pambali chimene akuopa.

Bambo anamwalira ndi dzina lawo. Pamaliro, mkulu wina wa pa esiteti ija anaimirira n'kunena kuti a Nyanja anali katswiri, m'madzi ankasambira ngati nsomba. Ine ndi amayi tinangoyang'anana, ndipo palibe amene anam'tsutsa.