Mayeso a pa wilibala

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, mphuno zimandiyabwa ndi fungo la penti ndi parafini limene linkatuluka m'kashedi kawo ku dera lathu la Unit N n'kukalowa mpaka mu tiyi. Anali olemba zikwangwani. Theka la masitolo a pa msika wa Makoni linkadziwika ndi dzanja lawo, ndipo ndikulumbira, mbuzi ina inawerenga chikwangwani chawo cha pa butchala n'kubwerera yokha kwawo.

Anali ndi burashi imodzi ya ubweya wofewa imene ankaisunga m'sokosi. Aliyense ankadziwa kuti idzakhala yanga, poti mdzukulu woyamba ndine. Kenaka kunatulukira Rudo, mwana wa aneba, amene ankakhala pa chitini n'kumaonerera, agogo akamuyankhula m'Chichewa iye n'kumayankha m'Chishona, iwo n'kumaseka ngati wanena zanzeru.

Chaka chimene m'masitolo munatsala mashelefu okhaokha, manja a agogo anayamba kunjenjemera. Amayi anali ndi nkhuku zoikira ndipo ankafuna chikwangwani cha mazira. Agogo anatipatsa ine ndi Rudo thabwa aliyense.

"Amene chake chiwerengeke, burashi ndi yake."

Ndinalawirira m'kashedi n'kukokolola zitini zonse za mitundu yokongola. Rudo ndinamusiyira zotsalira ziwiri, wachikasu ndi wakuda. Ndinagwira ntchito masiku atatu. Ndinalemba m'zilankhulo zitatu, ndinajambula nkhuku, mwamuna wake tambala, dzuwa, ndi maluwa m'makona onse. Penti wofiira atatha ndinapitiriza ndi polishi wa pansi. Ntchentche inazungulira thabwalo kawiri, inasowa potera, inapita. Izi ndinaziona ndi maso angawa.

Rudo anapaka chikasu, n'kulemba liwu limodzi lalikulu lakuda, MAZAI, ndiwo mazira m'Chishona, ndi kamuvi kunsi kwake. Basi, anapita kukasewera.

Agogo sankayesa chikwangwani ataima. Ankachidutsa ali mu kombi, minibasi ya kwathuko, ati munthu wa mumsewu amakupatsa kuphethira kumodzi kokha. Koma petulo kunalibe, makombi anali atagona pa mzere sabata yathunthu. Ndiye anavala jekete la kutchalitchi, anakhala mu wilibala, n'kulamula amalume kuti akankhe mothamanga.

Anadutsa pa cha Rudo fumbi lili koboo. "Mazai!" anakuwa, ndipo amayi awiri amene ankangodutsa anakhota n'kuima pa geti pathu.

Anadutsa pa changa. Zii. Wilibala inaima, amalume ali wefuwefu.

"Mdzukulu wanga, pamenepa pakugulitsidwa chiyani? Kapena ndi maliro a nkhuku?"

"Agogo, zonsetu zalembedwa!"

"Eya, zonse zikukuwa nthawi imodzi ngati oitanira makombi pa Makoni. Ndimvere uti? Diso limafuna poyambira, limafunanso popumira. Mnzakoyu wasiya malo."

"Wasiya chifukwa cha ulesi!"

Rudo anayang'ana pansi. "Sekuru, ndakangoshandisa zvandakasiirwa." Ati anangogwiritsa ntchito zimene anamusiyira. Sanatchule dzina la womusiyirayo. Agogo anayang'ana manja anga, amene anali ndi mitundu isanu ndi iwiri mpaka m'zigongono. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa sokosi.

Lero ndimakonza mawebusaiti. Kasitomala akati tiike zonse pa tsamba loyamba, ndimayendetsa tsambalo pa foni mothamanga ngati wilibala, n'kumufunsa chimene waona. Kenaka ndimachotsa, ndimachotsanso, mpaka patatsala mutu umodzi, mitundu iwiri ndi malo opumira. Amandiyamikira. Sadziwa kuti pa malo aliwonse opanda kanthu ndimaonapo nkhope ya Rudo.

Iye amakonza mavidiyo a maukwati ku Joni, ndipo Khirisimasi iliyonse amanditumizira chithunzi cha burashi ija ili pa tebulo lake. Nsanje ndilibe, ndikulumbira. Ndimangokulitsa chithunzicho kuti ndione ngati ubweya wayamba kuthothoka. Sunayambe.