Yunifolomu Zimene Anasoka a Chisale

Anthu amene anakhala ku Kambuzuma, lokesheni ya mumzinda wa Harare, zaka za nkhondo akuwakumbukirabe a Yosiya Chisale, bambo wamfupi wa magalasi ochindikala amene ankapalasa njinga yakuda kupita ku mafakitale a ku Willowvale m'mawa uliwonse. Kwawo kunali ku Dedza. Anachokako ndevu zisanamere, nadzera ku Tete ali ndi bulangete limodzi paphewa. Anayamba ndi kupalira fodya pa famu, kenako Mmwenye wina wa sitolo anawaphunzitsa kupalasa makina osokera. Pamene Azungu a ku Rhodesia ankalengeza mu 1965 kuti adzilamulira okha, n'kuti iwo ali telala wokhazikika pa fakitale ina ya zovala, ali ndi kanyumba kawo ndi akazi awo a Tecla, amene ankawaitana kuti Nankhoma.

Ana awo awiri oyamba anamwalira ali makanda. Wachitatu atabadwa, a Nankhoma anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Tionenji ife?" Dzina linakhala lomwelo. Koma mwanayo anakula, wamtali kuposa bambo ake, wochenjera kusukulu, wolankhula Chishona ngati madzi. Chichewa ankamva bwinobwino, koma akapsa mtima ankayankha m'Chishona.

Lamulungu lililonse masana, atabwerako ku tchalitchi, a Chisale ankatulutsa benchi n'kuiika pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba. Ankatsegula Baibulo lawo la Chichewa n'kuwerenga mokweza. Sanali mkulu wa mpingo, ndipo kulalikira sankadziwa. Anali ndi lamulo limodzi lokha: kuyambira pomwe analekezera sabata yatha, osadumpha, ngakhale pakhale mndandanda wa mayina okhaokha.

"Mawu a Mulungu si ndiwo zoti uzisankha nyama n'kusiya mafupa," ankatero.

Omvera anali ochepa: a Nankhoma, Tionenji, amayi angapo achikulire ochokera ku Malawi amene ankasowa pomvera chilankhulo chawo, ndi bambo Custodio, mlonda wa ku Tete amene ankachita lendi kachipinda pa nyumba yoyandikana nayo. A Custodio anali Mkatolika, kuwerenga sankadziwa, ndipo ankakonda kudula mawu ndi mafunso ovuta.

Mayiko akunja atatseka malonda ndi Rhodesia, fakitale inakula m'malo mofa, chifukwa chilichonse chinayamba kusokedwa m'dziko momwemo. Kale ankasoka maovololo ndi zovala za ana a sukulu. Nkhondo itakula, nsalu zimenezo zinachepa, panabwera mipukutu ya nsalu yolimba yamawangamawanga, yobiriwira ndi yofiirira. Zinali yunifolomu za asilikali a boma. A Chisale, popeza anali ndi dzanja labwino, anawaika pa matumba ndi makolala.

Tsiku lina Tionenji ali pa tchuthi, anaona ulusi wobiriwira utamatirira pa jekete la bambo ake.

"Baba, zovala zimene mukusokazi akuvala ndani?"

"Ndimasoka zimene andipatsa, mwanawe."

"Akuvala anthu amene akuwotcha midzi kumudzi kwa anzanga."

"Ife ndife alendo kuno. Kwa eni kulibe mkuwe. Nkhondo iyi ili ndi eni ake."

"Mlendo ndinu," anayankha mtsikanayo. "Ine mchombo wanga unagwera kuno."

A Chisale anamukalipira kuti salankhula choncho ndi makolo, ndipo nkhani inathera pomwepo. Lamulungu lotsatira Tionenji anakhala pabenchi ngati kale, koma maso ali kwina.

Tionenji ankaphunzira pa sukulu yogonera ya mishoni kufupi ndi malire a Mozambique. Mu 1976 mphunzitsi wake anafika ku Kambuzuma chipewa chili m'manja, n'kunena kuti ana ambiri a kalasi yaikulu awoloka malire kukalowa gulu la omenyera ufulu, ndipo Tionenji ali m'gulumo. A Nankhoma anakhala pansi pakhomo pomwepo, miyendo itatambasuka ngati pamaliro.

Sabata isanathe apolisi anadzawatenga a Chisale kuntchito. Anawakhazika m'chipinda chopanda zenera tsiku lonse, akuwafunsa amene anamutuma mwanayo. Anawamenya makofi mpaka magalasi anagwa, n'kuwaopseza kuti awakweza lole kuwabweza ku Malawi. Madzulo kunalowa wapolisi wachizungu, nayang'ana chitupa chawo, nafunsa ntchito imene amagwira. Atamva, anaseka, natsina kolala ya malaya ake omwe.

"Ndiye kuti iyi unasoka ndiwe? Msiyeni apite, uyu ndi wathu."

Makofi aja a Chisale anawaiwala msanga. Mawu akuti "ndi wathu" ndiwo anawatsatira mpaka kunyumba, ndipo sanawauze akazi awo.

Anafuna kusiya ntchito. A Nankhoma anakana.

"Mukasiya, nyumba ino atilanda, atithamangitsira kumudzi. Nanga mwana akadzabwera adzagogoda pakhomo pa yani?"

"Ndiye ndizisokabe, Nankhoma?"

"Sokani. Mulungu akuona kuti si mtima wanu."

A Chisale anapita kwa kapitawo kukapempha kuti awabwezere ku maovololo, ponamizira kuti maso akuvuta. Kapitawo anati munthu wa maso ovuta sangakhale pa makina, nawatumiza ku chipinda chositira. Tsopano yunifolomu zomwezo zinkadutsa m'manja mwawo zathunthu, zokhala ndi manja ndi miyendo ngati anthu ogona. Ankazisita, kuzipinda, kuzilongedza m'makatoni. Nthawi zina ankapezeka atagwira simbi m'mwamba, akuganiza za munthu amene adzavale malaya amenewo ndi amene adzakumane naye kutchire.

Kuwerenga kwa Lamulungu kunapitirira, ndipo chaka chimenecho ankawerenga ndi mtima wonse. Ankakhulupirira kuti akapanda kuphonya sabata ngakhale imodzi, Mulungu naye sadzamuphonya mwana wawo. Sananene zimenezi kwa munthu, koma mumtima anali atapangana naye choncho.

Chakumapeto kwa 1977 wailesi inalengeza kuti ndege ndi asilikali a boma aphwanya msasa waukulu wa omenyera ufulu ku Chimoio, m'dziko la Mozambique, ndipo anthu ochuluka afa. Kufakitale Azungu a mu ofesi ankapatsana moni mosangalala. M'malokesheni nkhani inayenda monong'ona: kuti kumsasako kunalinso ana a sukulu, atsikana, odwala. Palibe amene ankadziwa mayina. Panalibenso kokafunsa, chifukwa kufunsa kunali kudzipereka wekha kwa apolisi.

Lamulungu limenelo a Chisale anatulutsa benchi, natsegula Baibulo, koma mawu sanatuluke. Anatseka, nalowa m'nyumba. Sabata yotsatira benchi sanatulutse n'komwe. Amayi achikulire aja analeka kubwera. Ku tchalitchi ankapitabe kuti akazi awo asayende okha, koma nyimbo sankaimba. Abusa atawauza kuti zonse zimachitika mwa chifuniro cha Mulungu, anangoti "zikomo" n'kutuluka.

A Custodio okha sanaleke. Masana a Lamulungu ankalowa pampata wa mpanda, n'kukhala pa chidebe pansi pa mpichesi, fodya ali kukamwa, mpaka dzuwa kupendeka. Dzinja lonse linatha choncho. Tsiku lina a Chisale anatuluka atakwiya.

"A Custodio, mukudikira chiyani pano? Kuwerenga kunatha."

"Ndikudikira pomwe tinalekezera."

"Ndinamuwerengera sabata ndi sabata. Ndinamupempha chinthu chimodzi chokha. Mukufuna ndiwerenge kuti ndimuthokoze chiyani?"

A Custodio anazimitsa fodya pa nsapato.

"Achimwene, ine kwathu asilikali a Apwitikizi anawotcha mudzi ndili kumsika. Mkazi wanga Luisa ndinamuzindikira ndi chibangiri chokha. Mukuganiza kuti ndinkabwera pano chifukwa mawuwo amanditonthoza? Ayi. Ndimabwera kudzamva ngati penapake m'bukumo wayankhapo. Mpaka lero sindinamve. Koma simunafike kumapeto."

A Chisale analowa m'nyumba, natuluka ndi Baibulo, benchi osatenga. Anakhala pansi pafumbi. Pomwe analekezera panali pa mneneri Habakuku. Anawerenga mwaukali, ngati munthu wowerenga mlandu pabwalo, ndipo anadabwa kupeza kuti mneneriyo nayenso anali wokwiya: ankamufunsa Mulungu kuti adzafuula mpaka liti osamvedwa, ndi chifukwa chake amangoonerera oipa akumeza osalakwa.

"Bwerezani pamenepo," anatero a Custodio.

Anabwereza. A Nankhoma anali ataima pazenera, akumvetsera.

"Ndiye kuti munthu akhoza kumufunsa choncho, osakanthidwa?" anafunsa a Custodio.

"Zalembedwa. Sanazifufute."

Kuyambira pamenepo kuwerenga kunayambiranso, koma sikunali ngati kale. A Chisale analeka kuganiza kuti akugula kanthu kwa Mulungu. Ankawerenga ngati munthu amene wayambana ndi mbale wake koma akudyerabe naye mbale imodzi. Masabata ena ankatseka buku mtima utapepukako. Masabata ena ankatseka ali okwiya kuposa mmene anatsegulira. Akazi awo atawafunsa ngati akukhulupirirabe, anayankha kuti, "Sindikudziwa, Nankhoma. Koma kwina kopita ndi madandaulo angawa ndilibe."

Nkhondo inatha, ndipo mu 1980 omenyera ufulu anayamba kubwerera m'makwawo. Ku Kambuzuma nthungululu zinkamveka nyumba iyi lero, mawa nyumba ina. A Chisale ankapita ku siteshoni ya sitima ndi kokwerera mabasi ku Musika, akufunsa aliyense wooneka kuti wachokera kutchire. Vuto linali lakuti kunkhondoko anthu ankasintha mayina, ndipo dzina lakuti Tionenji palibe amene ankalidziwa.

Patapita miyezi, kunafika mtsikana wina wowonda, wotsimphina, dzina lake Annet. Anati anaphunzira sukulu imodzi ndi Tionenji ndipo anawoloka limodzi. A Nankhoma anamuyalira mphasa.

"Lankhula, mwananga. Usatibisire."

Annet anafotokoza kuti tsiku la ndege lija Tionenji anapulumuka. Ndiye amene anamubereka Annet kumsana, Annetyo atathyoka mwendo, mpaka kumtsinje. Pambuyo pake Tionenji anaphunzira kumanga mabala, ndipo chaka chotsatira anamutumiza ndi gulu lina kulowanso m'dziko, chakumpoto. Gululo linakumana ndi asilikali. Ena anabwerera, ena ayi. Annet anafunsa kwa obwererawo, koma palibe amene anamuona akugwa, palibenso amene anamuona pambuyo pake.

"Ankatitchula?" anafunsa a Chisale.

"Ankakutchulani, baba. Ankati bambo anga ndi telala wodziwa kuposa onse ku Harare. Malaya athu akang'ambika ankasoka ndi iyeyo."

"Za ntchito yanga sananene china?"

Annet anayang'ana pansi. "Sananene, baba."

A Chisale sanadziwe ngati mtsikanayo akunena zoona kapena akuwamvera chisoni. Sanafunsenso. A Nankhoma anafunsa ngati mwana wawo anali ndi chofunda kutchireko, ndi ngati chifuwa chake cha nthawi yozizira chinkamuvutabe.

Abale a mumpingo analangiza kuti pachitike mwambo wa maliro ngakhale mtembo palibe, kuti mitima ikhale pansi. A Nankhoma anavomera. A Chisale anakana zaka zingapo, akuti sangalire munthu amene mwina akuyenda. Anadzavomera akazi awo atayamba kudwaladwala, poona kuti mayiwo sangapite kumanda asanamulire mwana wawo. Pamwambopo mlaliki atanena kuti Mulungu anatenga wake, a Chisale anaimirira pakati pa anthu.

"Pepani abusa, musamunamizire. Ngati mwana wanga anafa, anamupha ndi anthu. Ena a ife tinawaveka."

Anthu ena anaganiza kuti chisoni chawasokoneza mutu.

Atapuma pantchito, achibale a ku Dedza anawaitana kuti abwerere kumudzi akafere kwawo. Anakana. A Nankhoma atamwalira anatsala okha m'nyumbamo, zipinda zina ataikamo anthu a lendi. Maso anafa pang'onopang'ono mpaka zilembo zinasanduka nyerere, ndipo ankapempha aliyense wodziwa Chichewa kuti awawerengere, ngakhale wowerenga mokakamira ngati akutafuna miyala. Anamwalira m'nyengo yozizira, ndipo anaikidwa pafupi ndi akazi awo. Nyumba ija anagula anthu ena ochokera ku Masvingo, amene anadula mpichesi n'kumangapo kashopu.