Nsapato Zapakhosi

Ndiyambe ndatchula mboni zanga, chifukwa anthu a masiku ano amakonda kutsutsa akulu. Yoyamba ndi mmisiri wa nkhwaira, nsapato za matayala zija, wa pamsika wa kwathu, kuseri kwa phiri la Ntchisi. Yachiwiri ndi galu wanga. Yachitatu ndi mkulu wa mpingo amene ankaima pakhomo la tchalitchi tsiku la Mgonero. Onse atatu anatisiya, koma mpaka lero palibe mmodzi watsutsapo mawu anga.

Chaka chilichonse tikakolola, ine ndi mayi akunyumba tinkayenda pansi masiku atatu kupita ku msonkhano wa misasa kumpingo wa kwawo, kupitirira Chisepo. Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndekha. Iwo anali atagona kumanda a kwawo komweko, ndipo pamaliro ndinalonjeza chamumtima kuti Mgonero wa pamisasa sindidzauphonya. Koma mlendo sadya Mgonero popanda khadi la kumpingo kwake, ndipo mkulu wapakhomo uja sankayang'ana nkhope ya munthu, ankayang'ana khadi. Anabwezapo mphwake weniweni amene anamulera yekha. Khadi langa ankasunga mayi akunyumba, ndipo pamene ankasungapo sanandiuze.

Ndinafunafuna masiku anayi. Ndinasolola udzu wapadenga umodziumodzi. Baibulo ndinalitsegula tsamba ndi tsamba mpaka ndinaliwerenga lonse mosafuna. Ndinapeza singano zisanu, lumo la malemu bambo anga, ndi nkhuku imene inasowa chaka cha ufulu, ikufungatirabe mazira. Khadi ayi. Abusa amene akanandilembera lina anali kumpingo wakutali mpaka mwezi winawo.

Ndinangoyamba kukonzeka basi. Choyamba ndinapita kwa mmisiri uja.

"Nkhwaira, achimwene. Zapaulendo."

"Tayala la galimoto yaing'ono kapena la lole?"

"Zimasiyana pati?"

"La lole limapirira. Vuto lake likamva hutala limafuna kuthamanga."

"Ndidulireni la lole."

"Koma musazivale koyamba tsiku lonyamuka, mudzalira ngati khanda. Valani sabata yathunthu, kumunda, kuchimbudzi, kulikonse. Mukupita ndi yani?"

"Ndekha."

Anawerama nkuyezanso phazi langa, ngakhale anali atayeza kale.

Kamba wapaulendo ndinakonza ndekha koyamba m'moyo wanga: mtedza, mbatata zootcha ndi chimanga chokazinga. Chimangacho chinalimba moti njere imodzi ndinayamba kuitafuna m'munsi mwa phiri la Ntchisi, ndinakaimeza pa Mtengowanthenga. Bulangete ndinalikulunga mumkeka nkumanga ndi luzi. Ndinatenga chigubu cha madzi, ndodo, phini wozulira minga, ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi opaka kumapazi kuti asang'aluke. Ndinalongedza makapu awiri. Nditazindikira, ndinachotsa imodzi. M'mawa mwake ndinapezanso awiri m'thumba. Galu anaona zonse. Khadi la chipani ndinalisomeka m'chipewa, poti masiku amenewo popanda ilo ngakhale pamsika sumaloledwa kugula mchere.

Chomaliza chinali nsapato zakuda za kutchalitchi. Nsapato zotere siziponda njira. Umamanga zingwe zake pamodzi, nkuzikoleka pakhosi, nkukazivala pamtsinje womaliza utatsuka mapazi. Tikabwerako, mayi akunyumba ankazipukuta, nkuzilonga nsanza mkati kuti zisapindike, nkuzipachika kudenga. Ndinazitsitsa, ndinauzira fumbi, ndinakoleka pakhosi.

Galu anandiperekeza mpaka pamlatho nkubwerera. Kuyambira pamenepo tinatsala ine ndi mapiri. Zitunda za ku Dowa nzakuti pokwera bondo limakugunda chibwano, ndipo ndinataya dzino limodzi mwa njira imeneyo. Mphepo ya mwera inandivula chipewa katatu, katatu konse ndinachithamangira chifukwa cha khadi. Koma cholemera sichinali katundu. Zaka makumi awiri mayi akunyumba ankayenda kumbuyo kwanga, mtolo pamutu, akung'ung'udza nyimbo za m'buku. Tsopano ndinkapezeka ndanena kuti, "Mwaona fodya wa anthu awa m'mene anakanikira?" nkucheuka. Kumbuyo kunali njira yokha. Popuma ndinkakhala kumapeto kwa mkeka, theka linalo lili pululu.

Pamsika wina mnyamata wa chipani ananditsekera njira.

"Madala, khadi!"

Ndinavula chipewa nkumuonetsa. "Ili ndili nalo, mwana wanga. Landisowa ndi linalo."

"Lina liti? Dziko lino khadi ndi limodzi."

"Zoona, zoona. Ukalamba."

Tsiku lachitatu masana ndinafika pamtsinje womaliza. Nyimbo za kumisasa zinkamveka patsidya. Ndinali nditagonja kale: ndikakhala panja pansi pa mtengo pamodzi ndi oikidwa pachilango, anzanga akudya Mgonero mkati. Komabe munthu sufika kwa apongozi ndi nkhwaira za lole. Ndinakwecha mapazi pamwala, ndinapaka mafuta a nsatsi, ndinamasula nsapato pakhosi.

Nditasolola nsanza ya nsapato ya kumanja, kunagwa kapepala kopindidwa bwinobwino. Mkati munali khadi langa la Mgonero. Ndinasolola ya kumanzere: khadi la mayi akunyumba. Iwo analibe nsapato zawo zoti nkusungamo.

Ndinakhala pamwala paja nthawi yaitali. Chaka chilichonse pamtsinje umenewu mayi akunyumba ankandiuza kuti, "Tsikani mukasambe, bambo, ndikukonzereni nsapato." Tikafika pakhomo la tchalitchi ankandipatsira khadi m'manja, ine nkumaganiza kuti lachokera pamfundo ya chitenje. Ndinasasula denga lonse, pamene khadi linkalendewera pamutu panga, kenako masiku atatu pachifuwa panga.

Mapazi anali atatupa, moti kulowetsa phazi limodzi kunanditengera nyimbo zinayi. Ndinawoloka paulalo, ndinakwera mtunda motsimphina.

Tsiku la Mgonero mkulu uja anali pamalo pake, dzanja lili chitambasulire, maso ali pansi. Ndinapisa m'thumba nkumupatsa. Sindinadziwe kuti ndapereka onse awiri. Anawerenga loyamba. Anawerenga lachiwiri, la mayi akunyumba lija, nkuliwerenganso. Kenako analipinda monga linalili nkundibwezera.

"Ili sungani, bambo. Lowani."

Ndipo anadzutsa mutu nkundiyang'ana kumaso. Pa zonse zimene ndanenazi, ndi chokhachi chimene anthu a kumeneko amakana kukhulupirira.