Chiyuda cha Bambo Anga

Chinali chaka cha 2016, ndili ndi zaka 68. Mdzukulu wanga Yohane anafuna kudziwa kumene mtundu wathu unachokera. Ndinamuuza zimene bambo anga ankandiuza: ndife Ayuda, n'chifukwa chake kwathu sitidya nkhumba. Ku esiteti ya tiyi anzanga akamanditukwana kuti Mnguru, ine ndinkangoseka chamumtima.

Yohane anati, "Agogo, tipeze umboni." Ndinawoloka malire pa Muloza ndekha kukaona azakhali anga ku Milanje, amene anatsala okha mwa abale a bambo.

Atamva funso langa anaseka mpaka kutsokomola. "Ayuda ake ati? Abambo ako anaba nkhumba ya Mpwitikizi. Anawamenya m'manja ndi thabwa lija la mbalamatodya mpaka zala kutupa, iwo n'kuthawira kwanuko. Kuyambira pamenepo, fungo lokha ankasanza nalo."

Bambo ankandikwapula ndikanama. Munthu yemweyo anandinamiza mpaka kulowa m'manda, maso ali gwa.

Pobwerera ndinapeza Yohane akundidikira pa siteji ya Chinakanaka. "Mwayendako bwanji, agogo?"

Ndinakonza kolala ya jekete. "Atsimikiza," ndinatero. Ndinawonjezanso kuti makolo athu ankapuma Loweruka. Palibe amene anandifunsa zimenezo.

Yohane anandikhulupirira. Iye ankaweta nkhumba, ndipo ndizo zinkadyetsa ana ake. Sabata yomweyo anagulitsa zonse motchipa, ine ndili pakhonde, ndikuzimva zikulira panjinga za ogula. Mpaka lero sindinamuuze.

Zinapita zazikazi zitatu, yaimuna imodzi, tiana tisanu ndi tiwiri, ndi ina ya bere imene sindidziwa kuti ikanaswa angati.